Anadziwa bwanji kuti tagwa m'mavuto?

Nyumba ndi mapuloti ambiri amene amagulidwa pa Liwonde, pa Balaka, pa Ulongwe kapena pa Ntaja simungawamve pa wailesi, ndipo pakhoma pake sipakhala chikwangwani chamalonda. Anansi amangodzidzimuka lole ikutsitsa mchenga ndi njerwa, eni ake akale atasamukira m'kachipinda ka lendi kuseri kwa msika. Mukawafunsa amati analibe maganizo ogulitsa, koma kunabwera munthu ndi ndalama m'manja pa nthawi imene zinthu zinali zitathina. Mwezi uno tiyeni tione mmene munthu wa ndalamayo amadziwira khomo loti agogode, ndi tsiku loti agogode.

Choyamba, n'chifukwa chiyani maso ali kuno? Pa Liwonde pamakumana msewu wochokera ku Zomba ndi wopita ku Mangochi ndi ku Balaka, pali mlatho wa pa Shire, chipatala chachikulu cha boma la Machinga, komanso alendo odzaona nyama ku Liwonde National Park. Njanji ya ku Nacala imadutsa pa Nkaya, pa Liwonde mpaka kukatulukira ku Nayuchi, ndipo nkhani yomanga doko la pamtunda pa Liwonde yakhala ikumveka kwa zaka zambiri. Balaka nayo yakhala ikukula chikhalireni boma palokha mu 1998. Onjezani apo kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu wa ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Joni amene ali ndi kangachepe amaona kuti ndalama yosunga ku banki ikusungunuka, pamene malo sawola. Sakulakwa kuganiza choncho. Koma wogula aliyense amadziwanso kuti nyumba yolengezedwa imakopa ogula ambiri ndipo mtengo umakwera. Yotchipa ndi imene mwini wake sanauze aliyense, ndipo akufuna ndalama mawa.

Amene amamupezera nyumba yotereyi ndi dobadoba. Ena amadzitcha ma ejenti, koma ambiri alibe ofesi kapena chiphaso; ofesi yawo ndi foni ndi benchi la pa depoti. Chuma chawo ndi makutu. Amacheza ndi akabaza, amene amadziwa khomo lililonse ndi amene anapita naye kuchipatala usiku. Amacheza ndi amisiri omanga, amene angakuwerengereni nyumba zonse zimene zinaimira pa mawindo zaka zitatu zapitazo simenti itakwera mtengo. Amacheza ndi oumba njerwa, ogulitsa malata, ngakhale nduna za amfumu. Womutsina khutu amalandira ya mayunitsi kapena ya ndiwo, ndipo dzuwa lisanalowe chithunzi cha nyumba yanu chili pa WhatsApp ya munthu amene simunamuonepo, inu musakudziwa.

Zimene amamvetsera ndi mavuto athu. Maliro ndiwo oyamba. Pa siwa anthu amalankhula zambiri: malemu anasiya ngongole zingati, ana ali ku tauni ndipo safuna kubwerera kumudzi, abale a mwamuna sagwirizana ndi mayi wamasiye. Pasanathe mwezi kumabwera munthu waulemu wake kudzapepesa, kenako n'kufunsa ngati amayi angakwanitse kusamala nyumba yaikulu chotere okhaokha. Achiwiri ndi matenda. Ngakhale chipatala cha boma n'chaulere, wodwala akatumizidwa ku Zomba kapena ku Queens pamafunika thiransipoti, chakudya cha womudikirira, ndi mankhwala okagula kufamase. Matenda a mgonagona monga shuga, khansa ndi kufa ziwalo amadya mbuzi, njinga, wailesi, kenako amafika pa nyumba. Palinso fizi ya mwana wa ku koleji, banja likatha, mnyamata wofuna pasipoti ndi ya basi ya ku Joni, ndi njala ya January ndi February. Mu March 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba, Machinga ndi Balaka anali m'gulumo, ndipo aliyense amene anali kuno akukumbuka mmene katundu wa m'nyumba ankagulitsidwira pa mtengo wa ndowa ya chimanga.

Njira imene imandiwawa kwambiri ndi ya katapila. Apa wogula safufuza n'komwe, timapita tokha. Amakukongozani mosavuta, akudziwa kuti chiwongoladzanja chake simungachikwanitse, n'kukusainitsani pepala loika nyumba ngati chikole. Nthawi zina pepalalo, lolembedwa m'Chingerezi, silinena za ngongole ayi, limanena kuti mwagulitsa. Munthu wotereyu sankafuna kuti mubweze ndalama zake. Ankafuna nyumba kuyambira tsiku loyamba.

Pano ndilankhuleko za kwathu ku mpingo, ngakhale ndi zosakoma kumva. Palibe malo amene mavuto a banja amadziwika msanga kuposa kutchalitchi. Timapempha mapemphero pa Sukulu ya Sabata, akulu ampingo ndi madikoni amatiyendera, amayi a Dorika amadziwa nyumba imene yagona ndi njala. Zimenezi ndi zabwino ndipo zisathe. Koma nkhani imene munthu wakuuzani kuti mumupempherere si yokauza mlamu wanu amene akufuna puloti. Ndipo ogula ena ndife tomwe, okhala pa benchi limodzi. Ngati mwamva pa Sabata kuti mbale wathina, ndiye Lamulungu m'mamawa mwafika ndi theka la mtengo wa nyumba yake, musadzinamize kuti mwamuthandiza. Levitiko 25 imaletsa kudyerana masuku pamutu pogula ndi pogulitsa, ndipo imapereka kwa wachibale udindo woombola munda wa mbale amene wasauka. Kugula kwa mbale si tchimo. Mufunseni kaye ngati pali njira ina, ndipo ngati palibe, mulipireni mtengo umene inu mukadafuna kulandira.

Wogula wachinyengo mumamuzindikira ndi zinthu ziwiri: changu ndi chinsinsi. Amati ndalama zilipo lero lokha, mawa akukaona ina ku Mangochi. Amati musauze anthu, angakuchitireni nsanje. Ambiri ogwira ntchito m'tauni amapeza mpata Loweruka, ndiye dobadoba amakuimbirani Lachisanu madzulo kuti bwana akubwera mawa, mungojomba kutchalitchi kamodzi kokha. Ife tili ndi yankho lokonzeka kale, ndipo limatiteteza kawiri: sitichita malonda pa Sabata, abwere Lolemba. Wofunadi nyumba adzabwera. Amene sangadikire masiku awiri ankaopa kuti mufunsa anzanu.

Onani mmene anthu a Mulungu ankagulira malo. Abrahamu, ali pa chisoni cha imfa ya Sara, anagula munda wa Makipela kwa Efroni pa chipata cha mzinda, Ahiti akuona, ndipo masekeli 400 a siliva anayezedwa poyera (Genesis 23). Yeremiya pogula munda wa ku Anatoti kwa msuweni wake Hanameli analemba makalata awiri, wina womata wina wosamata, anaitana mboni, n'kupereka makalatawo kwa Baruki kuti awasunge mu mtsuko wadothi (Yeremiya 32). Anali pachibale, komabe analemba.

Chifukwa china chimene dobadoba amakondera chinsinsi n'chakuti safuna inu ndi wogula muonane. Tiyerekeze kuti wakuuzani kuti nyumba yanu singapitirire K9 miliyoni, pamene wogula wamuuza K12 miliyoni. K3 miliyoni yapakatiyo ndi yake, ndipo adzakupemphaninso ya ntchito imene wagwira. Samalaninso ndi zolipira pang'onopang'ono. Amene anagulitsa mu October 2023 n'kulandira theka lotsala chaka chotsatira anapeza kuti ndalamayo sikugulanso matumba a simenti amene ankawerengera.

Nanga nyumbayo ndi ya yani? Kuno ambiri timatsata chikamwini, malo amayenda kuchikazi, ndipo mwini mbumba ali ndi mawu. Bambo amene anamanga pa malo a kwa akazi awo sangangogulitsa okha chifukwa choti malata anagula ndi iwo. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsa makomiti oona za malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo, choncho chidindo cha amfumu chopezedwa madzulo kuseri kwa nyumba si chitetezo kwa wogula kapena wogulitsa. Malo a lizi ali ndi njira yakeyake yodzera ku unduna wa za malo. Pa nyumba ya malemu, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. M'bale wa malemu amene akuthamangitsa malonda maliro asanaiwalike, kamunenezeni ku ofesi ya DC. Amene alibe ndalama ya loya angathe kupita ku Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi ofesi ku Zomba.

Monga tsamba la zaumoyo, tinenenso izi. Munthu amene wakhala milungu itatu osagona, akudikirira wodwala kapena akulira maliro, mutu wake sutha kuyeza bwino zinthu, ndipo ogula ochenjera amadziwa zimenezo. Ngati muli pa nthawi yotere, musasaine kanthu muli nokha. Pezani munthu mmodzi wokhulupirika amene sakupindulapo, akhale pambali panu. Kayezetseninso kuthamanga kwa magazi, chifukwa nkhawa ya ngongole imagwetsa anthu mwakachetechete. Nthawi zambiri vuto limene likukugulitsitsani nyumba ya mamiliyoni ndi la ndalama zochepa kwambiri poyerekeza. Mwina chipinda chimodzi chingaikidwe pa lendi. Mwina banki m'khonde ingakukongozeni, kapena akusukulu angalole kulipira m'magawo mutapita kukalankhula nawo. Mwina abale akanasonkha mukanawauza.

Koma ilipo nthawi imene kugulitsa ndiko nzeru, ndipo kugulitsa popanda ejenti kungakupulumutsireni ndalama. Zikatero, chinsinsi chisakhale cha wogula. Uzani anthu angapo kuti pakhale kupikisana. Funsani mitengo ya nyumba zofanana ndi yanu zimene zagulidwa posachedwa m'dera lanu, ndipo ngati ndi yaikulu, lipirani katswiri wovomerezeka woyeza mtengo wa nyumba. Kumanani ndi wogula weniweni maso ndi maso, mtengo utchulidwe nonse mukumva. Akazi anu kapena amuna anu ndi ana akuluakulu avomereze, osati kungouzidwa. Ndalama idzere ku banki, ndipo makiyi ndi mapepala a malo musapereke isanalowe yonse. Kalata ya mgwirizano ikhale m'chilankhulo chimene mumatha kuwerenga, Chichewa kapena Chiyao, mboni za mbali zonse zisaine, ndipo inu mutsale ndi yanu. M'kalatamo mulembenso tsiku lotuluka m'nyumba, ndipo tsikulo likhale loti mwapeza kale kumene ana akagone ndiponso sukulu imene akapitirize.