Za Kusowa kwa Nchito Kuno ku Masambanjati

Mafumu ndi abale a m'Bungwe,

Pa msonkhano wapitawo panamveka mau akuti anyamata athu okhala pa sitolo tsiku lonse ndiwo aulesi. Ine ndikana, ndipo mundilole ndinene cifukwa cace.

Makolo athu anaona nthawi imene nchito inali kufuna anthu. Azungu a minda anasowa manja, nawapeza ndi msonkho ndi thangata, amene anatha m'caka ca 1962. Lero zatembenuka, anthu ndiwo afuna nchito. Ife tacuruka, koma minda ya tiyi sinakule monga tacurukira, ndipo polima tokha mpocepa, popeza nthaka yabwino ya Thyolo inagwidwa kale.

Taonani macitidwe a tiyi. Masamba ace aphuka ndi mvula, makamaka kuyambira December kufikira April. Pamenepo kapitao alemba anthu ambiri, ndiyonso nyengo imene cimanga cathu cifuna khasu. Mvula ikatha, othyola ambiri acotsedwa, ndipo kumunda kwao kulibenso cocita. Munthu yemweyo aitanidwa kuwiri m'dzinja, nakhala wosaitanidwa konse m'cilimwe. Kodi umenewu ndi ulesi? Ndiponso anthu 10 akaima pa cipata kufuna malo amodzi, mwini munda alibe comkakamiza kukweza malipiro, pakuti wokana lero, mawa mnzace walowa. Wopanda ndalama sapita kwa telala kapena kwa mmisiri, motero iwonso nchito iwathera.

Kale tinali ndi pothawira pawiri. Ena anapita ku migodi ya ku Joni. Koma Wenela analeka kulemba anthu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown, ndipo njira ya TEBA inatsekedwa mu 1988. Ena anadalira nthoci, imene magalimoto anali kudzatenga pano kunka nayo ku Limbe, kufikira nthenda ya cisaka inaononga minda.

Cifukwa cace ndipempha kuti pa msonkhano ukudzawu mfumu iri yonse ibwere ndi ciwerengero ca anthu ace ocotsedwa nchito m'cilimwe, ndi maina a mitsinje yosaphwa m'dera lace. Tikakaonana ndi Bwana D.C. ku Boma, tikapemphe mbeu ya nthoci yopanda nthenda ndi mipope yothirira, ndi kuti nchito ya kukonza miseu iikidwe pakati pa June ndi October, pamene manja ali cabe.

Ine wanu,
Mmodzi wa m'Bungwe