Intaneti ya mnansi si moto wopala

Sabata ino tamva dandaulo la mlimi wina wa ku Kasungu. Atagulitsa mabelo ake a fodya ku msika wa Chinkhoma anagula rauta kuti ana aziwerengera maphunziro, koma bandulo ya mwezi wathunthu inatha sabata isanakwane. Pofufuza anapeza kuti anyamata a m'mudzi amasonkhana kuseri kwa chigafa chake madzulo, n'kumaonera mpira ndi mafilimu. Pasiwedi inachokera kwa mlendo mmodzi, kenako inayenda foni ndi foni.

Tikudziwa kuti mabandulo ndi okwera mtengo, ndipo kugawana ndi chikhalidwe chathu. Koma ngakhale wokapala moto kwa mnansi amayamba waodira. Komanso moto ukapalidwa sutha pa mafuwa, pomwe bandulo imatha. Ndalama imeneyo ndi thukuta la nazale, kusoka fodya ndi ngongole ya feteleza.

Eni marauta, tsekani pakhomo. Pasiwedi yolembedwa kunsi kwa rauta isintheni tsiku lomwe mwagula, pamodzi ndi ija yolowera mu rauta momwemo, imene nthawi zambiri imangokhala "admin". Dzina la mwana, chaka chobadwa kapena 12345678 si loko. Sankhani chitetezo cha WPA2 kapena WPA3, zimitsani WPS, ndipo muziona mndandanda wa mafoni olumikizidwa. Wolowa mobisa akachita zachinyengo, chala chimayamba kuloza mwini rauta.

Kwa inu okhala kuseri kwa zigafa za eni, tisapsatire mawu: uku n'kuba. Simusiyana ndi wosolola fodya pa mkangala usiku. Musanamizire umphawi, chifukwa amene mukumudyerayo ndi mmphawi mnzanu. Dziwaninso kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a munthu popanda chilolezo chake.

Ogulitsa marauta nanunso mwatitopetsa. Talemba kangapo patsamba lino kuti malangizo a zipangizozi nthawi zambiri amabwera m'Chingerezi. Mumalandira ndalama ya mlimi, n'kumupatsa bokosi osamuonetsa ngakhale posinthira pasiwedi. Manyazi mulibe? Tikupempha bungwe la MACRA likakamize ogulitsa kupereka malangizo m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo uthengawu ukafike ku Chinkhoma, Santhe, Chamama ndi Nkhamenya msika wa fodya usanatsekedwe.

Wofuna intaneti ya mnzake apite pakhomo masana, apemphe, asonkheko ya bandulo. Akakanizidwa, abwerere mwaulemu.