Zipangizo zatsopano zabwera, koma akonze ndani?

Abale anga a m'mphepete mwa nyanja, m'magulu mwathu muno mavidiyo achuluka. Galimoto zoyenda popanda dalaivala, maloboti onyamula katundu, aliyense akungolemba kuti dziko lapita patali. Zoona lapita. Koma tiyeni tiyang'ane pafupi, kumene amayi athu ndi alongo athu amakagulitsa usipa wouma: pa Mpingu ndi pa Namitete mumsewu wa ku Mchinji, ku Nsaru, ku Kabudula, ku Nambuma. Amene mumakwera ndi mabasiketi kupita kumeneko mundichitire umboni.

Padenga la udzu pali sola. Mayi akagula usipa amalipira ndi Airtel Money kapena Mpamba. M'madimba ena pampu ya sola ikukoka madzi pamene kale munthu ankathyoka msana ndi khasu ndi khani. Mu 2024 bungwe la Opportunity International linayambitsa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp yoyankha mafunso a ulimi m'Chichewa: ujambula tsamba la chimanga lodwala, iyo n'kukuuza chomwe chavuta. Kumpoto kwake, ku Kasungu, boma ndi UNICEF anatsegula mu 2017 malo oyesera tindege topanda woyendetsa tonyamula mankhwala, ndipo mu 2020 sukulu yophunzitsa achinyamata za tindegeto inatsegulidwa ku Lilongwe. Kwathu ku Salima, sola yaikulu ya mamegawati 60 inayamba kupereka magetsi mu 2021. Izi si maloto, zilipo.

Ndiye funso langa ndi limodzi: chikafa, akonze ndani?

Ine ntchito yanga ndi injini za maboti. Ndikuuzeni chifukwa chake Yamaha Enduro imakhala zaka ndi zaka panyanja. Sikuti siwonongeka ayi, imawonongeka sabata ndi sabata. Koma doko lililonse lili ndi munthu wodziwa kutsuka kabureta, kusintha pulagi, kusintha kafani kokoka madzi oziziritsa injini. Masipeya amapezeka, akasowa timachotsa pa injini ina yakufa. Injini imeneyi timaidziwa m'mimba mwake monse, n'chifukwa chake ili ndi moyo.

Mjigo wa pamudzi ndi chimodzimodzi. Pampu ya Afridev imene ili m'midzi yambiri inayambira konkuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anaipanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuitsegula ndi zida zochepa, kusintha malabala okha popanda kudikira galimoto yochokera kutauni. Amene anaiganiza anadziwa kuti chipangizo chilichonse chimafa, nkhani ndi yakuti chidzuka liti.

Tsopano onani zambiri mwa zatsopanozi. Bokosi lomata, lopanda ngakhale bawuti yoti utsegule. Batire ikafooka akuti gula ina yathunthu. Sola zina za ngongole zimazima zokha ukalephera kulipira, ndipo ukatsegula wekha akuti waphwanya pangano. Mlimi wa tomato ku Nsaru pampu yake ikaima mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, tomato sadikira kuti munthu achoke ku Lilongwe sabata yamawa. Masiku ochepa chabe dimba lauma, ngongole ili chilili. Ndipo kumbukirani, zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sipeya iliyonse unalumpha. Kutaya chinthu chifukwa cha kawaya kamodzi kopsa ndi moyo wa anthu olemera, ife sitingaukwanitse.

Wina anena kuti aise, iwe ukungoopa kuti injini za petulo zikatha ntchito yako yatha. Ayi. Ndani angakonde kugona pamzere wa mafuta? Ndani akufuna kubwerera ku nyali za palafini pokopa usipa pamene masiginala athu akugwiritsa ntchito mababu a batire? Zatsopano zibwere, ngakhale injini ya boti ya magetsi ibwere, ndiilandira ndi manja awiri. Chimene ndikukana n'chakuti tikhale ongogula basi, chikafa tizingochiyang'ana ngati ng'ombe yayang'ana chitseko chatsopano.

Wina anenanso kuti nzeru za makompyuta zizitiuza zonse pa foni. Zitha kukuuza kuti vuto ndi fyuzi, inde. Koma foni ilibe manja. Singakwere padenga, singamange waya, singanunkhize kuti apa papsa. Pamapeto pake pafunika munthu wokhala pafupi, woti mlimi amuimbire m'mawa, masana pampu n'kuyamba kutulutsa madzi.

Apa ndi pamene pali mwayi wathu. Tonse tikudziwa kuti nsomba zikuchepa ndipo maboti akuchuluka. Sitingathe tonse kukhala alovi. Ambiri mwa inu muli ndi MSCE ili m'chikwama, ena mukuganiza za Joni, ena za kabaza mu Lilongwe. Ganiziraninso izi: pa Namitete pomwepo pali Namitete Technical College, ndipo TEVETA imalemba achinyamata a maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji oterowo. Funsani za maphunziro a magetsi ndi a sola kulikonse kumene akuperekedwa. Amene simungakwanitse fizi, gulani kamita koyezera magetsi, khalani pafupi ndi wokonza mafoni kapena mawailesi, tolani ma inveta akufa muziwatsegula. Umu ndi mmene ambiri tinaphunzirira injini, poyamba kungogwirira mkulu sipanala. Atsikana, nkhaniyi ndi yanunso, waya safunsa kuti wamugwira ndani.

Ndipo pogula, kaya ndi sola ya panyumba, kaya pampu, kaya njinga yamoto ya batire, funsani mafunso atatu musanatulutse ndalama. Ikafa ndipite kwa ndani? Sipeya ili kuti, ndipo ndi zingati? Makaniko wa pamudzi pano akuloledwa kutsegula? Wogulitsa akayamba kuzungulira, bwezerani ndalama m'thumba. Mabungwe obweretsa zipangizo m'midzi nawonso tiwafunse pamaso pa amfumu: mwaphunzitsa achinyamata angati a pano kukonza, ndipo mwawasiyira zida zanji?

Tumizani kwa mnzanu amene wangokhala pakhomo chilembereni mayeso.