Nambala 5 wathu agulitsidwe, koma pa pepala

Loweruka lapitali, titamaliza kuonera mpira wa ku England mu video show ina pa boma la Nkhata Bay, mkangano sunali wa Arsenal kapena Manchester United ayi. Unali wa mnyamata wotchinga kumbuyo wa timu ya kwathu kuno. Dzina la timuyo sinditchula, chifukwa ena a mu komiti ndi amalume anga ndipo ndikufunabe kumadya batala pakhomo pawo. Nkhani ndi yoti timu ina ya ku Mzuzu yamuona mnyamatayu ndipo ikumufuna.

Anthu anagawikana patatu. Ena akuti asapite, chifukwa akachoka timu iyamba kumwa zigoli ngati madzi a m'nyanja. Ena akuti agulitsidwe msanga ndalama isanathawe. Gulu lachitatu, lomwe ndi la akuluakulu ena okwiya, likuti mnyamatayu wayamba matama, wajomba kokonzekera masewero kawiri, ndiye angomuchotsa m'kaundula apite komwe akufuna.

Ine ndili ku mbali yogulitsa. Koma kugulitsa komwe ndikunena si kuja kolandira mipira iwiri ndi yunifolomu yakale n'kugwirana chanza.

Ndiyambe ndi kuvomereza mfundo ya omwe akuti akhale, chifukwa si yopepuka. Wotchinga kumbuyo wabwino savuta kumunyoza, koma amavuta kumupeza. Ntchito yake ndi yoti zinthu zisachitike, ndipo chinthu chomwe sichinachitike palibe amachiimbira nyimbo. Tikakumbuka mpikisano wa AFCON ku Cameroon mu Januwale 2022, aliyense amayamba ndi chigoli chakutali chomwe Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco. Koma pa ulendo wake wofika mu ndime ya matimu 16, Flames inafanana mphamvu 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, timu yomwe inadzatenga chikhocho. Poyinti imeneyo inabwera ndi goloboyi ndi anyamata akumbuyo. Choncho amene akuopa kuti timu yathu igwedezeka sakulota. Igwedezekadi, makamaka masewero oyambirira.

Funso ndi loti kodi tingamusunge mpaka liti, ndipo ndi chiyani? Timu yathu ilibe kampani yoithandiza. Ndalama yamafuta a galimoto yopita ku Chintheche kapena ku Mpamba imachokera m'matumba mwa anthu ogulitsa usipa ndi eni magolosale. Mnyamatayu salandira malipiro apamwezi. Akapambana masewero amagawana kangachepe komwe katsala. Ali ndi zaka 20, ndipo kwawo amamudalira. Munthu wotere sungamumange ndi chikondi cha masapota chokha. Tikakana lero, chaka chamawa adzangokwera minibasi ya ku Mzuzu, ulendo wa ola limodzi, osatsanzika. Kapena adzapita ku Joni kukagwira ntchito m'nyumba za anthu monga achitira anyamata ambiri a m'boma lino, mpira n'kuthera pomwepo. Kukana kugulitsa sikutanthauza kuti mwamusunga. Nthawi zambiri kumangotanthauza kuti mudzamutaya ulere.

Ndipo izi sizichitikira matimu osauka okha. Mu 2022, Chelsea inataya otchinga kumbuyo awiri, Antonio Rüdiger ndi Andreas Christensen, osalandirapo ndalama yogulitsira. Makontrakiti awo anatha, wina anapita ku Real Madrid, wina ku Barcelona. Malamulo a FIFA amalola wosewera yemwe kontrakiti yake yatsala ndi miyezi 6 kuyamba kukambirana ndi timu ina. Ngati timu ya ku London, yokhala ndi maloya ake, inagwa m'dzenje limeneli, nanga ife amene mgwirizano wathu ndi wosewera ndi wapakamwa?

Chitsanzo chomwe chimandilimbitsa mtima chili konkuno ku Malawi. Mu 2020, Big Bullets inalola Charles Petro, mnyamata wachichepere wosewera kumbuyo, kupita ku Sheriff Tiraspol ya ku Moldova. Ambiri a ife dziko la Moldova tinalidziwira pamenepo. Chaka chotsatira timu yakeyo inali mu magulu a UEFA Champions League, ndipo inagonjetsa Real Madrid 2-1 pa bwalo lawo lomwe ku Madrid. Petro anadzapitirira ulendo wake ku Botoșani ya ku Romania. Nanga Maule anagwa atamutaya? Ayi. Anapitiriza kutenga ligi mpaka kukwanitsa maulendo 5 otsatizana kuyambira 2018 kufika 2023, ndipo mu 2023, pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa, anasesa zikho zonse zinayi za m'dziko muno.

Wina anena kuti Bullets ndi Bullets, ili ndi ndalama. Zoona. Koma chomwe chinawathandiza si ndalama yokha. Ali ndi timu ya Reserve komwe anyamata amakulira akudziwa kale kaseweredwe ka timu yaikulu. Wina akachoka, wolowa m'malo amakhala atayamba kale kukonzedwa. Chimenechi ngakhale timu ya pa boma ingathe. M'masukulu a sekondale ndi ma CDSS a m'boma lino muli anyamata ataliatali, olimba ndi nkhafi, omwe palibe anawaphunzitsapo kuima pamzere kapena kulankhulana ndi goloboyi. Vuto lathu ndi loti timayamba kufunafuna nambala 5 wina tsiku lomwe woyambayo watsanzika.

Tsono kugulitsa kwabwino ndi kotani? Ndili ndi zinthu zitatu zomwe ndikanapempha a komiti.

Choyamba, mnyamatayu akhale wolembetsedwa moyenera m'dzina la timu yathu, kudzera ku bungwe la mpira la m'chigawo cha kumpoto ndi ku FAM. Ichi si chinthu chamwambo chabe. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita dziko lina ali pa kontrakiti, 5 peresenti ya ndalamayo igawidwe ku matimu omwe anamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Koma ndalamayo imatsata zolembedwa. Ngati mbiri yake sikusonyeza kuti anasewerako kwathu, ngakhale boma lonse la Nkhata Bay litachitira umboni, sitidzaona ngakhale tambala.

Chachiwiri, mu mgwirizano wogulitsira mulowe ndime yoti akadzagulitsidwanso, timu yathu idzalandire gawo. Timu yaing'ono singapeze ndalama zambiri pa kugulitsa koyamba, chifukwa wogulayo naye ndi wosauka. Phindu lili pa kugulitsa kwachiwiri ndi kwachitatu. Virgil van Dijk anachoka ku Celtic kupita ku Southampton mu 2015 pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 13 miliyoni. Mu Januwale 2018, Liverpool inamugula pa mapaundi 75 miliyoni, ndipo Celtic inalandirako gawo chifukwa cha ndime yotereyi. Ziwerengero zathu sizingafike pamenepo, koma nzeru yake ndi yomweyo. Otchinga kumbuyo a ku Malawi amagulika kunja. Peter Mponda anasewera ku Black Leopards, Limbikani Mzava anakhala zaka zoposa 10 ku South Africa kuyambira ku Bloemfontein Celtic, ndipo Denis Chembezi anachoka ku Wanderers kupita ku Polokwane City. Aliyense wa iwo anayambira pa bwalo lina lafumbi. Ndani akudziwa komwe wathuyu adzafike?

Chachitatu, tikambirane nthawi. Ngati ligi ili mkati, timu yogulayo ingathe kumusainitsa lero n'kutisiyira pa ngongole mpaka sizoni ithe, kapena kutibwereka mnyamata wawo wina yemwe akungokhala pa benchi. Matimu amachita zimenezi kulikonse. Wogulitsa amene sapempha kanthu amapatsidwa zomwe wogula wakonda.

Ndatsala ndi gulu lachitatu lija, loti angomuchotsa. Mwa njira zitatuzi, iyi ndi yomwe imaoneka yaulere koma ndi yodula kuposa zonse. Timu imataya wosewera, imataya ndalama, ndipo imataya ubale ndi munthu yemwe mawa angadzakhale pa Flames n'kumatchula dzina la kwawo. Kujomba kawiri ndi mlandu, inde, ndipo alangidwe monga alangidwira ena. Koma a komiti anamufunsa komwe anali? Ena a ife tikudziwa kuti usiku wake amakhala ali pa nyanja ndi anzake a chilimira, chifukwa mpira sunamugulirepo ufa. Kuchotsa wosewera kuli ndi malo ake, monga pamene wakalamba ndipo wavomereza yekha, kapena pamene khalidwe lake likuononga anzake. Kuchotsa mnyamata wa zaka 20 yemwe timu ina ikumufuna ndi mkwiyo chabe, ndipo amene angasangalale ndi a ku Mzuzu omwe amutole osalipira.

Mawu omaliza ndi a ife ophunzira. Timatha maola ambiri kukangana za makontrakiti a osewera a ku Ulaya, pamene timu ya kwathu ilibe ngakhale munthu wolemba kalata ya mgwirizano. Pakati pathu pali ophunzira malamulo ku UNIMA, ophunzira za bizinesi ku MUBAS, ndi ena ambiri pa Mzuni pompa. Pepala la masamba awiri, lolembedwa bwino ndi kusainidwa pamaso pa mboni, lingathandize timuyi kuposa mipira 10. Ine ndauza kale amalume kuti tchuthi chino ndikhala nawo pa msonkhano wa komiti, ndipo ndapempha mnzanga wa zamalamulo kuti atilembere chikalatacho. Anandiyang'ana kwa nthawi, kenaka anati, "Bwera, koma ukadzaona tikumwa zigoli usadzathawe pa bwalo." Ndavomera.