Mpopi ukauma, tiyang'ane kuphiri

Anzanga, mpopi ukauma timangodandaula, koma kodi madziwo amachokera kuti? Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa mu Shire, ku Walker's Ferry. Magetsi opoperawo akuchokeranso mu Shire momwemo, monga ku Nkula. Tikamadula mitengo n'kumalima m'mbali mwa mitsinje, matope onse amakathera komweko. Mapeto ake madzi njee, magetsinso njee. Taonani phiri la Ndirande, lomwe limathira madzi m'damu la Mudi: langotsala dazi lokhalokha!

Inde, enafe fizi yathu imachokera m'makala, sindikukana. Koma mitengo ikatha tidzawotcha chiyani, nanga tidzamwa chiyani? Dzinja lino aliyense adzale mtengo umodzi, aziupalira, chilimwe aziuthirira mpaka ukule. Zongodzala n'kuiwala ayi.