Mangolongondo Alowe mu Foni

Anzanga, ndani pano sadziwa amapiano? Pa chikwati ndi omwewo, pa msika pa Kasinje ndi omwewo. Koma kugunda kuja kumene kumatigwedeza pamtima, kotchedwa log drum, si ng'oma yeniyeni ayi. Anyamata a ku Joni amakupanga pa kompyuta. Dzinalo likutanthauza ng'oma ya chipika. Ndiye taonani: anzathu akuyerekeza chipika pa kompyuta, pamene ife zipika zoimba tili nazo kale koma tikuziseka, eti n'zachimidzi.

Ndikunena mangolongondo. Umagoneka mathunthu awiri a nthochi pansi, n'kuyala zipika pamwamba pake. Chachifupi chimalira mawu ang'ono, chachitali mawu aakulu. Ukasema chipika pakati mawu ake amatsika, ukachidula kumapeto amakwera. Anthu awiri amakhala moyang'anizana ndi timitengo, wina akumenya m'mipata imene mnzake wasiya, mpaka nyimbo imathamanga ngati akuimba anthu anayi. Makolo ankaimba podikira anyani kumunda.

Ena akuti kusintha mawu a choimbira pa foni n'kuwononga chikhalidwe. Ine ndikukana. Pitani ku Nsanje mukaone valimba. Pansi pa zipika amamangirira zikho, ndipo pa chikho chilichonse amaboola kabowo n'kumatapo kachikopa kopyapyala ka mazira a kangaude kuti mawu azinjenjemera. Kodi kumeneko si kusintha mawu? Agogo anayamba kale, foni ikungopitiriza.

Foni imatha kujambula chipika chimodzi, kutsitsa mawu ake mpaka akhale besi, kuwabwereza kangapo, kapena kuwapangitsa kumveka ngati ali m'phanga. BandLab imachita zimenezi ndipo kuikoka ndi kwaulere, umangofunika bando. Chimene foni singathe ndi kupeka kaimbidwe ka kwathu. Kameneko kali m'manja mwa akuluakulu, ndipo akuluakuluwo akutha. Mitengo nayo ikuthera ku makala.

Ku Mozambique Achopi sanachite manyazi ndi timbila zawo. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse, chaka chomwecho ndi Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Nanga ife tikudikira chiyani?

Pempho langa kwa a hedi ndi aphunzitsi ndi ili: mutilole tiyambitse kalabu ya nyimbo. Sitikupempha kiyibodi ya ndalama zambiri. Nthochi zilipo, nthambi zogwa zilipo. Foni siziloledwa pasukulu, tikudziwa, koma imodzi ya aphunzitsi oyang'anira kalabu ingakwane.

Inu anzanga, Loweruka lino mufunse kwanu ngati alipo amene amatha mangolongondo. Mukawapeza, lembani dzina la mudzi papepala lili m'munsimu, tikawapemphe mwaulemu adzatiphunzitse. Mukapitiriza kuseka, tsiku lina wina wakunja adzawajambula, ndipo mudzagula bando kuti mumvere nyimbo ya agogo anu omwe.

Wophunzira wa Fomu 2