Musaphwanye Mutu wa Galu Woganiziridwa Chiwewe

Galu akayamba kudzandira, kugwa khunyu kapena kuluma chisawawa, anthu ena ku Area 47 ndi ku Mtandire amathamangira chibonga, namuphwanya mutu, mtembo nkuuponya mu Lingadzi. Mchitidwe umenewu ngolakwika, pakuti umboni wonse uli m'mutumo.

Si galu aliyense wogwa khunyu amene ali ndi chiwewe. Zilipo nthenda zina za ubongo, ndipo zina nzochizika. Dokotala wa ziweto angathe kugoneka galu ndi mankhwala, kum'meta kunkhongo, ndi kukoka ndi singano timadzi tozungulira ubongo ndi mtsempha wa msana, osapitirira mililita imodzi pa makilogalamu 5 alionse a kulemera kwake. Timadziti tikakhala bwino timaoneka ngati madzi a pampopi. Tikavunduka ndiye kuti mkatimo mwatupa. Koma chiwewe sichitsimikizika motero ayi. Chimafuna ubongo weniweniwo, umene amauyesa ku Central Veterinary Laboratory ku Bwemba, ndipo ubongo wophwanyika kapena wowola ndi dzuwa ngovuta kuuyesa.

Tsono galu woluma munthu amangidwe masiku 10, ndipo alangizi a ziweto auzidwe msanga. Akafa, munthu wamba asakhudze mutuwo. Wolumidwayo asadikire zotsatira: atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15, napite kuchipatala tsiku lomwelo. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2007, anapeza kuti mwa ana 26 amene ankati afa ndi malungo a muubongo, atatu anafa ndi chiwewe.